Amuna anga akupita ku UK, ine ndi ana titsatire pompano kapena tidikire?

Wobisa dzina: Admin ndibiseni dzina chonde, muno muli abale a kuchimuna. Moni nonse. Mutu wanga sukugwira. Ndine mayi wa ana atatu, mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Blantyre. Abambo akunyumba tinakwatirana ali chaka chachitatu ku College of Medicine, isanakhale yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Amene munakwatiwa ndi munthu wophunzira udokotala mukudziwa zomwe ndikunena. Renti inkachokera pa malipiro anga ndi pa zitenje zomwe ndinkakongoza aphunzitsi anzanga. Mwana woyamba ndinachira iwo ali m'mayeso, anandidikirira ndi mayi anga. Kenako miyezi 18 ya internship, kugona kuchipatala, kubwera m'mawa n'kungogwera pampando nsapato zili kuphazi. Ndinapirira, ndimati tsiku lina zidzayera.

Pano apeza ntchito ku UK ndipo anyamuka posachedwapa. Apongozi akuti ine ndikakhale kumudzi ndi ana mpaka mwana wawo akhazikike, ndalama azitumiza kwa iwo poti ndi amene anagulitsa ng'ombe kuti afike Fomu 4. Nkhani ya ng'ombeyi ndaimva mpaka makutu kuwawa. Mlamu wanga wayamba kale kufunsa za firiji ndi galimoto, chonsecho ngongole ya galimotoyo ikudulidwa kwa ine. Abambowo ndikawafunsa akungoti "tiona". Wamkulu ali Sitandade 7, wamng'ono sanakwanitse zaka ziwiri. Ndisiye ntchito ya boma tinyamukire limodzi, kapena ndidikire? Ndithandizeni, usiku sindikugona.

Mwana wa Mlimi: Mwatiuza za zitenje zanu, koma za misonkho yathu simunanene. College of Medicine imeneyo inatsegulidwa mu 1991 kuti Amalawi tikhale ndi madokotala athuathu, osati kuti tiziphunzitsira azungu. Mayi anga amalawira tambala woyamba kukaima pamzere kuchipatala chaching'ono, n'kubwerako osaonana ndi dokotala. Inu muli kalikiliki kukangana za firiji!

Namwino wa ku Leeds: Achemwali, musanasiye ntchito tiuzeni kaye chinthu chimodzi. Akupita pa ntchito yanji? Ngati anakhoza PLAB 1 ndi 2, mayeso a madokotala ochokera kunja, analembetsa ku GMC, bungwe lolembetsa madokotala ku UK, ndipo alembedwa ngati dokotala, inu ndi ana mungathe kubwera pa viza yawo, ndipo inunso mumaloledwa kugwira ntchito. Koma ngati ndi ntchito yosamalira okalamba, kuyambira pa 11 March 2024 olembedwa kumene saloledwa kubweretsa banja. Onani zomwe zalembedwa pa Certificate of Sponsorship yawo, chikalata chochokera kwa olemba ntchito chofunsira viza.

Nachisale: PITANI. Musamvere za apongozi. Anga anapita ku Johannesburg akuti miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ndinamva kwa anthu a pa basi kuti ali ndi mwana kumeneko. Ine ndinatsala ndi ngongole ya banki m'khonde ndi apongozi ondinena kuti ndine mfiti. Mwamuna sasungidwa pa WhatsApp.

Kabaza wa pa Chemusa: Firijiyo ngati ikuvuta kwambiri ndibwere ndidzaisunge ine, ndilibe mbali.

Mwana wa Mlimi: Sekani, koma tsiku lomwe mudzagwe pa njingayo mudzafuna dokotala yemweyu. Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa mayiko osowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo. Akuwatengeranji?

Namwino wa ku Leeds: Bambo, mndandandawo umaletsa olemba ntchito kubwera kudzakopa anthu. Munthu kufunsira yekha ntchito sikoletsedwa.

Dokotala wa kumudzi: A Mwana wa Mlimi, munthuyu ngati mwana wake ali Sitandade 7 ndiye kuti watumikira zaka zambiri ndithu. Inu munagwirapo usiku wonse muli nokha pa wodi ya amayi, magazi oti muwonjezere wodwala palibe? Ine ndidakali kuno, sindinapite, koma opita sindiwaweruza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 malipiro athu anasanduka a masabata awiri.

Mwana wa Mlimi: Nanga a mphunzitsi sanasanduke? A wapolisi? Tonse tithawe, atsale ndani? Mumalumbira kuti mudzathandiza odwala, simunalumbire za mapaundi.

Mayi wa Mvano: Mwana wanga, banja ndi anthu awiri. Itanani ankhoswe a mbali zonse mukhale pansi abambo asananyamuke. Apongozi musawayankhe mwano, nawonso anavutika, koma pa nkhani ya ndalama alankhule ndi mwana wawo, osati inu. "Tiona" si yankho la bambo wa ana atatu. Ndipo ukwati wanu uli ndi setifiketi, kapena munathera pa chinkhoswe?

Nangozo: Ine ndingoti samalani ndi ma ajenti. Mchimwene wanga anagulitsa puloti n'kupereka ndalama kwa mayi wina amene ankati ali ndi ntchito ku Birmingham. Kalata inabwera yokongola, ya chidindo. Inali yabodza. Mpaka lero mayiyo foni sayankha, mchimwene wanga akukhala kwa ine ndi mkazi wake, ndipo mkaziyo ngakhale mbale satsuka.

Nachisale: A Mvano, ankhoswe anga anadya nkhuku n'kumapita. Palibe chomwe anakonza.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. A Nachisale mwandiopsa. Abambowa si oyendayenda, vuto lawo ndi loti pamaso pa mayi awo salankhula. Dzulo apongozi aimba kuti mwana wamkulu asapite, akakhale ndi iwo chifukwa anamutcha dzina ndi iwo. Setifiketi ilipo, tinadalitsa ku tchalitchi.

Mwana wa Mlimi: Apongoziwo ndi okhawo oganiza pa banja lonseli. Ana mukapita nawo adzabwera osadziwa kupereka moni, nsima akudya ndi foloko, Chichewa atayiwala.

Mphunzitsi mnzanu: Ntchito musathamangire kusiya. Kafunseni kwa a DEM, mkulu wa zamaphunziro m'boma lanu, ngati mungapatsidwe tchuthi chosalipidwa, ndipo zonse zikhale zolembedwa. Ngongole ya galimoto ili m'dzina lanu, ndiye gulitsani mubweze, mlamu asaikhudze.

Namwino wa ku Leeds: Ndiwonjezere. Sukulu za boma kuno ana salipira, koma wamng'onoyo ndiye nkhani. Wantchito kulibe, agogo kulibe, nazale ndi yodula moti ikhoza kumeza malipiro a munthu mmodzi, ndipo ana aang'ono kuwasiya okha m'nyumba kungakuitanireni a social services, a boma oona za chitetezo cha ana. Nyumba ya anthu asanu kuipeza ulibe mbiri ya renti ndi kovuta, n'chifukwa chake ambiri amatsogoza mmodzi kwa miyezi ingapo. Mudzafunika setifiketi ya TB, yomwe imagwira ntchito miyezi 6, choncho musayezetse msanga. Ngati olemba ntchito sanasaine kuti akusamalirani, mu akaunti muyenera kukhala £285 ya inu, £315 ya mwana woyamba ndi £200 ya mwana aliyense wotsatira, kwa masiku 28. Koma zonsezi zikudalira funso langa lija.

Mwana wa Mlimi: Mwamva? Nazale yodula, kuzizira, kusowa wokuthandiza. Kuno mwana umasiyira neba n'kupita kumsika. Khalani kwanu!

Dokotala wa kumudzi: Bambo, mayiwa sanafunse za inu.

Mwana wa Mlimi: Alemba pa gulu, ndiye tiyankha. Admin sanandiletse.

Wobisa dzina: Pepani ndinali m'kalasi. Mlamu uja wabwera masana ano ndi tepi kudzayeza firiji, ati aone ngati ingalowe pakhomo pake. Ine ndangokhala chete, misozi ili m'maso.

Namwino wa ku Leeds: Achemwali, za firiji tamva. Pa kalata ya ntchitoyo palembedwa kuti dokotala kapena care worker, wosamalira okalamba uja? Mwaiona ndi maso anu?