Kagalu ka Karakachan ka 900 euro: ndigule kapena ndataya mutu?

MbusaWatsopano: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndapeza woweta agalu ku Bulgaria, akugulitsa ana a Karakachan pa 900 euro mmodzi, ya ndege payokha. Akuti mtunduwu udatsala pang'ono kutha boma la chikomyunizimu litalanda ziweto za abusa mu 1957, ndiye ndikagula ndiye kuti ndathandiza kuupulumutsa. Zilombo zikundithera nkhosa usiku. Ndigule?

Wolumidwa_Kale: Musayerekeze achimwene! Ine ndidapereka 600, mapepala ake achidindo bwinobwino. Chitakula, chigalu chamutu waukulu, dovu chuchuchu, ntchito kugona pakhomo. Nkhosa zikamalira icho chimangoyasamula. Kumenekotu ena adasakaniza mtunduwu ndi Caucasian, St Bernard ndi Newfoundland pofuna agalu akuluakulu achionetsero. Wogulitsayo adandibuloka tsiku lomwe ndidamufunsa.

BwanaMkubwa: Mudagula zotchipa, mumayembekezera chiyani? Wanga ndidatulutsa 1,500 osanenerera, pano ali ndi makilo 55. Mu 2010 Boyko Borisov, nduna yaikulu ya Bulgaria panthawiyo, adapatsa Putin galu wa mtundu womwewu, dzina lake Buffy. Mphatso ya mtsogoleri wa dziko ingakhale ya 600?

Wolumidwa_Kale: Putin ali ndi nkhosa zingati, bwana?

Mayi_a_Mapasa: Kikiki. Mwana wanga, gulani bulu. Mmodzi yekha, wamkazi, mumuike m'khola. Amadana ndi chilichonse chooneka ngati galu, amaponda zolimba, ndipo amadya udzu womwewo. Galu wa makilo 55 muzimudyetsa chiyani?

BwanaMkubwa: Mayi, Karakachan amalimbana ndi mimbulu komanso zimbalangondo. Bulu wanuyo ndiye ndiwo.

Mayi_a_Mapasa: Nanga wofunsayu wati ali ndi zimbalangondo?

Dotolo_wa_Ziweto: Nonse mukukangana za mtengo, koma chimene chimapanga galuyu ndi khola. Amafunika alowe pakati pa nkhosa ali ndi masabata pafupifupi 8, azigona nazo, azinunkha fungo lake, ana asamamunyamulenyamule. Akapitirira masabata 16 ali m'nyumba, mtima wake wapita kwa anthu, basi. Ndipo musadalire kuti ayamba kulondera msanga, ambiri amakhwima akamayandikira zaka ziwiri. Bungwe la Semperviva, la abale awiri Sider ndi Atila Sedefchev, lidachita kukasaka agalu otsala kwa abusa m'mapiri, n'kumapereka ana awo kwa anthu oweta nkhosa. Adapulumukira pantchito agaluwa. Bulgaria idauvomereza mtunduwu mu 2005, koma FCI, bungwe la padziko lonse lolembetsa mitundu ya agalu, silidaulembe, ndiye wina akakuonetsani pepala la FCI lolembedwa Karakachan, thawani. Muuzeni atumize vidiyo ya make ndi bambo wake ali ndi nkhosa kubusa.

Wolumidwa_Kale: Adokotala, mudali kuti nthawi yonseyi?

Chimzy: Bwanji osangotenga Kangal, galu wolondera ziweto wa ku Turkey? Ku Namibia a Cheetah Conservation Fund akhala akupereka agalu otere kwa alimi kuyambira 1994. Ubweya wa Karakachan uja ndi wa kozizira, kotentha azingokhalira wefuwefu.

BwanaMkubwa: Wanga sadandaulapo.

Chimzy: Amagona pati?

BwanaMkubwa: Pabalaza. Nkhosa ndidagulitsa.

MbusaWatsopano: Ndamupempha vidiyo ija. Watumiza ya tiana tikusewera pa kapeti, akuti ndikalipira lero andichotsera 200. Mayi, buluyo amafunika wa zaka zingati?