Shelefu yachinayi ija tiikepo chiyani?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Lipoti la laibulale ya pa sukulu ya kumudzi kwathu ndi ili: malata akhomedwa, mawindo alowa, kalipentala wamaliza mashelefu anayi ndipo wapaka kale vanishi. Atsala ndi mabuku. Komiti inagwirizana kuti mashelefu atatu akhale a mabuku a m'kalasi, madikishonale ndi mapepala a mayeso akale. Yachinayi ndiyo yatiimitsa mitu. Achemwali athu, namwino wa ku Leeds ku Mangalande, apempha kuti ikhale ya nkhani zopeka za sayansi, za ana ndi achinyamata, ndipo katoni yoyamba akuti agula okha. Tikambirane Lamlungu lisanafike.

Msungichuma: Ndifunse kaye, paja safunsa anadya phula. Nkhani zopeka za sayansi ndiye ziti? Sayansi imene ndinaphunzira ine ndi yoti madzi amawira akafika pa madigiri 100. Ikapekedwa imakhalabe sayansi?

Namwino wa ku Leeds: Kkkk ayi bambo, madzi awirabe pomwepo. Wolemba amangotenga chinthu choona n'kufunsa kuti, nanga chitapitirira chingatifikitse kuti? Ndipereke chitsanzo cha buku limene mwana wanga anakana nalo kugona, The City of Ember, la Jeanne DuPrau, la mu 2003. Muli mzinda wa pansi pa nthaka, kopanda dzuwa ngakhale mwezi. Kuwala konse kumachokera ku jenereta imodzi yoyendetsedwa ndi mtsinje, ndipo jeneretayo yakalamba. Magetsi ayamba kuzimazima, m'nkhokwe zakudya zikutha, akuluakulu akungouza anthu kuti musadandaule. Ana awiri a zaka 12 ndi amene akufufuza njira yotulukira.

Msungichuma: Ndiye tigule ndi ndalama zathu buku loti mwana aziwerenga za kuzima kwa magetsi, iye atagwira tochi kukamwa?

Namwino wa ku Leeds: Eya ndithu! Ana akunowa amaliwerenga ngati maloto. Wakwathu akudziwa mdima umenewo, ndipo angafunse mafunso oposa a anzake akuno. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ndi ana angati kumudzi kuja anamvetsa kuti madzi a mu Shire akukhudzana bwanji ndi babu la pa chigayo?

Achimwene a ku Joni: Pepani achemwali, ine ndiyankhula mosapsatira. Marandi amene ndimatumiza pa gulu lino ndimawapeza nditaima tsiku lonse pa galaja, manja ali bii ndi girizi. Sindinawatumize kuti mwana wa mlongo wanga azikawerenga za ku Mars. Akalephera mayeso a Sitandade 8, a MANEB sadzamufunsa kuti unawerenga nthano zingati. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Shelefu yachinayi ikhale ya masamu ndi sayansi yeniyeni. William Kamkwamba wa ku Wimbe uja, amene tonse timamunyadira, anapeza chiyani mu laibulale? Buku lophunzirira, Using Energy, la chithunzi cha makina amphepo pachikuto. Ali ndi zaka 14 anapanga magetsi ndi zitsulo za njinga ndi mapaipi. Si nthano imene inamuthandiza ayi.

Mlembi: Pamenepa achimwene akhoma msomali.

Aphunzitsi opuma: Ndimawerenga chete, koma dzina la Kamkwamba landidzutsa. Mwanawe wa ku Joni, unali m'kalasi mwanga, ndiye undilole ndikukonze pang'ono monga kale. Zoona, linali buku lophunzirira. Koma ukumbukire kuti mnyamata uja panthawiyo sanali pa sukulu, njala ya 2001 ndi 2002 inali itamuchotsa. Palibe mayeso amene ankakonzekera, palibe mphunzitsi amene anamutuma. Chingerezi chimene chinali m'bukumo chinkamuvuta, ankatsata zithunzi. Chinamutengera kumeneko ndi chidwi basi, komanso anapeza chitseko chotsekula ndi munthu womulola kubwereka.

Chidwi chimenechi ndi chimene ndinkachisowa m'kalasi zaka zonse ndagwira choko. Mwana amaloweza bwinobwino kuti dziko limazungulira dzuwa, koma mupatse ndime ya Chingerezi imene sanaionepo, amangoyang'ana ngati nkhuku yaona chimanga m'botolo. Chifukwa chake n'chapafupi: moyo wake wonse sanawerengepo tsamba limodzi chifukwa chofuna kudziwa chimene chichitike kutsogoloku. Ndipo mayeso a masamu ndi sayansi amene mukuwanenawo amabwera m'Chingerezi chomwecho.

Chaka china mnyamata wa Sitandade 7 anatola kwa amalume ake buku lopanda chikuto, la anthu oyenda pansi pa nyanja m'chombo chachitsulo. Ndinalizindikira, linali la Jules Verne, lofupikitsidwa. Mwana amene sankamaliza ndime popanda kumukalipira ankaliwerenga pa nthawi yopuma, atakhala pa muzu wa mtengo wa mango, chala chikuyenda pansi pa mzere, milomo ikugwedera. Tsiku lina anabwera ku ofesi maso ali psuu. Masamba omalizira kunalibe, agogo ake anali atapichira fodya. Anandiumiriza kuti ndimufotokozere mathero, ine ndinali nditaiwala, ndinachita kupeka pomwepo. Anandigwira bodza, akuti sizikugwirizana ndi za pa tsamba lakutilakuti.

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi, ulemu wanu. Koma mwana mmodzi ameneyo sangatigulitse shelefu yonse.

Mkulu wa mpingo: Moni abale ndi alongo. Ine nkhawa yanga si ya mayeso. Tonse tikudziwa zimene zimachitika kumudzi mwana akadzuka n'kunena kuti usiku anakwera ndege ndi agogo akutiakuti. Nkhalamba zathamangitsidwa, nyumba zatenthedwa. Tsopano ife tomwe tibweretse mabuku a zinthu zouluka, zolengedwa za maso atatu, anthu osowa pano n'kukaonekera kwina? Makolo akadzati gulu la m'tauni labweretsa zaufiti pa sukulu, adzayankhe ndani? Amene ali ku Leeds sadzamva n'komwe. Adzagogoda pakhomo panga.

Namwino wa ku Leeds: Abambo, funso lanu ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Koma taonani kusiyana kwake. Lichero la m'nkhani za kumudzi limauluka popanda wofotokoza, ndipo ukafunsa akuti usafunse. Chombo cha m'mabukuwa chili ndi amene anachipanga, chimadya mafuta, chimaonongeka, wina amalowa pansi ndi sipanala. Mwana wozolowera kufunsa kuti chimayenda bwanji ndi amene sangathamangire kukagenda agogo ake.

Komabe ndisakunamizeni, si onse amene ali oyera. The Hunger Games, lotchuka lija la mu 2008, ndi la ana okakamizidwa kuphana pa mpikisano anthu akuonerera. Limenelo sindiika m'katoni ya pulaimale. Lina ndikulifuna kwambiri koma mulione kaye: The Ear, the Eye and the Arm, la Nancy Farmer, mayi wa ku America amene anakhalapo ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Nkhani yake ikuchitika mu Harare m'chaka cha 2194. Ana atatu a mkulu wa asilikali azemba panyumba, agwidwa, n'kukagwiritsidwa ntchito yokumba mapulasitiki akale pa dzala, chifukwa pofika nthawi imeneyo pulasitiki yasanduka chuma. Koma mulinso za mizimu ya makolo a Chishona.

Mkulu wa mpingo: Mwaonatu. Chikomekome cha mkuyu.

Msungichuma: Zokumba majumbo pa dzala zokhazo ndiye tikanalemera kale pa msika wathu uja.

Azakhali a ku Chipata: Mundilole nane ndiponyepo, ngakhale ndinakwatiwa kutsidya kuno. Ku Zambia kuno kunali mphunzitsi wa sayansi, Edward Mukuka Nkoloso. Mu 1964, chaka cha ufulu, analengeza kuti Zambia ipita kumwezi Amerika ndi Russia asanafike. Ophunzira ake ankawalowetsa mu mgolo n'kuwagubuduza pa chitunda kuti azolowere za m'mlengalenga. Dziko lonse linaseka, mpaka lero ena amati inali misala, ena amati ankanyoza azungu mochenjera. Ine chimene chimandikhudza n'chakuti anali ndi mtima woganiza kuti mwana wakuno angakwere kumeneko. Migolo yokha ndiyo inachepa.

Achimwene a ku Joni: Azakhali mwandithandiza osadziwa. Maloto opanda masamu amathera mu mgolo.

Aphunzitsi opuma: Ndipo masamu opanda maloto amathera m'kabati. Robert Goddard wa ku America anawerenga The War of the Worlds ya H. G. Wells ali ndi zaka 16, mutu unamuzungulira, kenaka anakaphunzira masamu akewo. Mu 1926 anaulutsa roketi yoyamba yoyendera mafuta amadzimadzi. Koma za kabati ndanenazi sindikuseka. Ndinaphunzitsapo pa sukulu ina imene inalandira makatoni a mabuku kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino. Akulu a pamenepo anawakhomera m'kabati kuopa kuti ana awadetsa, kiyi n'kumayenda naye m'thumba. Titadzatsekula patapita zaka, mabuku ena anali akadali m'mapulasitiki awo, a pansi chiswe chitamanga nyumba mpaka pakati. Tikhoza kukangana pano mpaka Khirisimasi za mtundu wa mabuku, koma ngati kiyi adzakhale m'thumba la munthu mmodzi, tikugulira chiswe ndiwo.

Mtsikana wa ku koleji: Pepani akuluakulu, ndilowerere ngakhale ndine mwana. Mabuku onse atchulidwa apa ndi a Chingerezi, ndipo olemba ake ndi akunja. Mng'ono wanga ali Sitandade 5, Chingerezi changomuyamba kumene ngati chiyankhulo chophunzirira, sangathe tsamba limodzi la amenewa. Shelefuyi ikhala ya ana a aphunzitsi ndi a kusekondale okha tikapanda kusamala.

Chinanso, tisamayankhule ngati zopeka za m'tsogolo n'zachizungu. Shadreck Chikoti, Mmalawi mnzathu, analemba Azotus the Kingdom, za Africa zaka 500 zikubwerazo. Limenelo lingayenere a Fomu 3 ndi 4. Nnedi Okorafor, amene makolo ake ndi a ku Nigeria, analemba Binti mu 2015, za mtsikana wa mtundu wa Himba wa ku Namibia amene akuthawa kwawo usiku kupita ku yunivesite ya ku dziko lina la m'mlengalenga, atanyamula dothi lofiira lodzola la kwawo. Ine nditaliwerenga ndinakumbuka tsiku limene ndinakwera minibasi ndi chikwama ndi thumba la ufa, amayi akundiuza kuti usakasinthe.

Ndipo agogo akamatiimbira za Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene ankayenera kuthawa mvula, si nkhani ya munthu wochita kupangidwa imeneyo, wokhala ndi chilema chimene omupanga sanathe kuchikonza? Ana amaimvetsa bwinobwino. Bwanji tiwauze alembe zawo m'Chichewa, za mudzi wathu zaka 100 zikubwerazi, zabwinozo tizitaipe n'kuziika pa shelefu pomwepo?

Aphunzitsi opuma: Mwana uyu ndi wa kwa yani? Wayankhula zimene ndimafuna kumva. Ine Lachisanu masana ndilibe chochita koma kuthamangitsa mbuzi m'dimba. Ndikhoza kumawerengera ana mutu umodzi, ndikumasulira pakamwa m'Chichewa, n'kulekezera pamene pafika pokoma. Muone ngati Lolemba sadzalimbirana bukulo.

Mlembi: Ndi mdzukulu wa malemu a Gulupu, aphunzitsi. Kutaipa ndi kusindikiza nkhani za anawo ndingathandize ku ofesi, bola zisapitirire masamba ochepa.

Msungichuma: Mphotho ya mpikisanowo isachoke m'thumba la gulu chonde. Simenti ya khonde sitinalipire.

Azakhali a ku Chipata: Makope ndi zolembera za opambana zikhale pa ine.

Wapampando: Zikomo nonse, ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Mmene ndamvera ine ndi motere, wotsutsa anene lisanafike Lamlungu. Shelefu yachinayi tiigawe pakati. Theka likhale la mabuku a sayansi ya manja, a zithunzi zambiri, onga amene anathandiza Kamkwamba. Theka linalo la nkhani zopekazi, kuyamba ndi katoni ya achemwali a ku Leeds, muikemonso osavuta a ana aang'ono. Buku lililonse lisanakwere pa shelefu aliwerenge anthu atatu: aphunzitsi, abambo a mpingo ndi mayi mmodzi wa komiti ya sukulu. Makiyi akhale awiri, wina kwa mphunzitsi woyang'anira, wina kwa amayi a komiti, ndipo pakhale kope lolemba obwereka. Ikatha teremu yachiwiri tidzaone kopelo. Mbali imene ana sakuigwira idzapereka malo kwa inzake.

Achimwene a ku Joni: Kope limenelo ndidzaliwerenga ndekha tsamba ndi tsamba. Ndipo dikishonale ikhale pafupi ndi shelefuyo, osati ku ofesi.

Mkulu wa mpingo: Ndavomera, koma la ku Zimbabwe lija liyambire kwa ine. Ndikapeza zosayenera ndidzanena poyera, musadzati sindinachenjeze. Ndiponso makolo aitanidwe tsiku loyamba la aphunzitsi kuwerenga, adzamve ndi makutu awo.

Namwino wa ku Leeds: Zikomo kwambiri. Katoni ndiipatsira munthu amene akubwera mwezi wamawa, wina akailandire ku Lilongwe.

Achimwene a ku Joni: Achemwali, funso lapambali. Ana a mumzinda wamdima aja anatuluka?

Namwino wa ku Leeds: Mukabwera pa Disembala mukalembetse m'kope, mubwereke.

Msungichuma: Asanabwereke ayambe wapereka ya mwezi wa Ogasiti. Pa mndandanda wanga sakuoneka.