Nsimbi yasiya kutentha ndipo mita sikulira: kodi elementi yapsa?

Wofunsa:
Ndikupempha thandizo kwa inu odziwa za magetsi. Nsimbi yanga ya mawati 1,000 yasiya kutentha, ndipo nditaizula pasoketi ndinaiyeza ndi mita yoyezera zipangizo zamagetsi (multimeter), nditaiika pamalo paja imalira waya akakhala wosaduka. Ndikagunditsa timitu take tiwiri imalira bwinobwino, koma ndikakhudza mano awiri a pulagi, la live ndi la neutral, imangokhala chete. Kodi zikutanthauza kuti elementi, kachipangizo kamkati kotenthetsa nsimbi, yapsa?

Woyankha woyamba:
Musafulumire kuiweruza elementiyo, bambo. Mita imatumiza mphamvu yochepa kwambiri kuchokera mu batire lake, ndipo imalira pokhapokha njira imene mphamvuyo ikudutsa ili yosatchinga kwenikweni, pa mamita ambiri osapitirira ma ohm 30 mpaka 50 (ohm ndi muyezo wa kutchingako). Elementi ya mawati 1,000 pa mavoti 230 imakhala ndi ma ohm pafupifupi 53, choncho ikhoza kukhala yabwinobwino mita nʼkukhalabe chete. Ketulo ya mawati 2,000 imakhala ndi ma ohm pafupifupi 26, nʼchifukwa chake ena akayeza ketulo mita imalira.

Musadalire khutu lokha, yangʼanani nambala imene ikuoneka pagalasi. Ikalemba OL, kapena 1 yekha kumanzere, ndiye kuti penapake paduka ndithu. Koma onetsetsani kuti mwatembenuza kabatani kosinthira kutentha, chifukwa kakakhala pa ziro njira imakhala yodulidwa mwadala.

Woyankha wachiwiri:
Ndikugwirizana ndi zimene zanenedwazi, ndipo ine ndikanayamba ndi zosavuta. Ngati pulagi yanu ili ndi fyuzi, ichotseni ndi kuiyeza payokha. Ikalira, tsegulani kumbuyo kwa nsimbi, ikani kamutu kamodzi pa dzino la pulagi ndi kena pomwe waya yemweyo wathera mkati, ndipo muyeze waya aliyense payekha. Poyezapo muzipinda chingwe pangʼonopangʼono, makamaka pafupi ndi pulagi ndi pomwe chalowera mu nsimbi, pakuti ndi pamene chimathyokera kawirikawiri. Mita ikamalira modukizadukiza, timawaya tamkati taduka ngakhale kuti kunja chingwe chikuoneka chabwino. Nsimbi zambiri zilinso ndi fyuzi ina mkati imene imaduka kutentha kukapitirira muyezo, ndipo ikaduka iyenera kusinthidwa, osati kulumikizidwa ndi waya wamba.

Woyankha wachitatu:
Musanaibweze pasoketi, yezaninso dzino la earth ndi chitsulo chapansi chositira: pamenepo mita iyenera kulira. Pakati pa dzino la live ndi chitsulocho siyenera kulira kapena kuonetsa nambala iliyonse, ndipo ikatero nsimbiyo ikhoza kugwira munthu nyesi. Dziwaninso kuti batire la mita silingaulule kufooka konse kwa zokutira waya. Amisiri amayeza zimenezo ndi chida china chotumiza mavoti 500.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Fyuzi inali yabwino, ndipo elementi nditaiyeza payokha yaonetsa ma ohm 54. Waya wabuluu ndiye amalira nʼkusiya ndikapinda chingwe polowera mu nsimbi. Kodi ndingodulapo gawo lowonongekalo, kapena ndisinthe chingwe chonse?

Woyankha wachiwiri:
Sinthani chonse, bambo, ndipo mugule chopirira kutentha chopangidwira nsimbi, chokhala ndi mawaya atatu ngati chakalecho.