Timitanda ta pakati pa mabowo ambiri mu AutoCAD: kodi mpaka kudina limodzilimodzi?

Chikondi:
Akuluakulu ndithandizeniko. Ndili ndi drawing ya mapuleti a shedi yachitsulo, ma base plate ndi ma gusset, ndipo mabowo a mabawuti ndi ambirimbiri, a 18 ndi a 22. Injiniya waibweza, akuti sasayina mpaka bowo lililonse likhale ndi center mark, kamtanda kosonyeza pakati pa bowo. Ndikugwiritsa ntchito AutoCAD 2021. Ndikalemba CENTERMARK imandifunsa circle, ndikadina imodzi imaika kamtanda n'kufunsanso ina. Ndayesa kukoka window kuti itenge onse kamodzi koma ikukana. Ku wekishopu akuifuna mawa m'mawa.

Gift:
Achimwene, ife tinakulira pa DIMCENTER. Lembani MULTIPLE kenako DIMCENTER, siituluka mpaka mutadina Esc. Kukula kwa kamtanda mumasintha pa DIMCEN.

Bambo Nkhoma:
A Gift, DIMCENTER ilipobe koma siwathandiza a Chikondi, chifukwa nayonso imafuna circle imodziimodzi. Chinanso, imangojambula timizere wamba tosalumikizana ndi circle. Injiniya akadzati bowo lisunthe mamilimita 10, kamtandako kadzatsala pakalepo, ndipo munthu wa ku wekishopu akadzawerenga miyeso kuchokera pamenepo adzamenya panchi polakwika. CENTERMARK inabwera ndi AutoCAD 2017, ndipo kamtanda kake kamatsatira circle: mukaisuntha kamasuntha, mukaikulitsa kamakula. Musaisiye imeneyi. Chimene mukusowa ndi ka LISP, kapulogalamu kakang'ono koyenda mu AutoCAD, kodina m'malo mwanu. Nako:

(defun c:CMONSE (/ ss i)
  (if (setq ss (ssget '((0 . "CIRCLE"))))
    (progn
      (command "_.UNDO" "_BE")
      (repeat (setq i (sslength ss))
        (command "_.CENTERMARK" (ssname ss (setq i (1- i))) "")
      )
      (command "_.UNDO" "_E")
    )
  )
  (princ)
)

Kopani mu Notepad, sungani ngati cmonse.lsp, ndipo onetsetsani kuti dzinalo silinathere ndi .txt kumapeto. Mu AutoCAD lembani APPLOAD, sankhani fayiloyo, kenako lembani CMONSE. Kokani window pa drawing yonse, musaope, katenga ma circle okha n'kusiya mizere ndi ma dimension. Mizere iwiri ya UNDO ija ndaiika dala: zikapanda kukusangalatsani mungolemba U kamodzi, timitanda tonse tichoka.

Chikondi:
Zikomo kwambiri bambo. Yandichenjeza za chitetezo poyamba, ndadina Load Once ndipo yatheka. Ma gusset onse alandira timitanda. Koma pali zotsala. Pa base plate palibe ngakhale kamodzi, chonsecho mabowo ndikuwaona ndi maso anga. Komanso pamene taikidwapo sitikuoneka bwino, timizereto tikungothera m'mphepete mwa bowo osatulukira kunja, ndipo pa print preview tikungooneka ngati kadontho.

Bambo Nkhoma:
Tiyambe ndi kuoneka. Lembani CENTEREXE mutiuze nambala imene ikutuluka.

Chikondi:
Ikuti 0.12.

Bambo Nkhoma:
Ndi pamenepo. Drawing yanu inayambidwa pa template ya mainchi, acad.dwt, pomwe inu mukujambula mamilimita. Pa acadiso.dwt nambala imeneyo imayambira pa 3.5. Imeneyi ndi imene imanena kuti mzere utulukire kunja kwa circle motalika bwanji, ndiye 0.12 ya milimita palibe angaione. Ganiziraninso za sikelo yosindikizira: ngati puleti ikutuluka pa 1:10, ngakhale 3.5 ija papepala ndi 0.35 basi. Ine pa mapuleti otere ndimaika 10 kapena 15, bola mizere ya mabowo oyandikana isakumane.

Kamtanda kenikeni ka pakati kali pa CENTERCROSSSIZE. Imayambira pa 0.1x, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi a diameter, ndiye pa bowo la 18 ndi mamilimita 1.8. Mukalemba nambala yopanda x, monga 5, timitanda tonse tikhala tofanana posatengera kukula kwa bowo. Mpata wa pakati pa kamtanda ndi mizere ndi CENTERCROSSGAP. Dziwani kuti kusintha zimenezi kumakhudza timitanda tatsopano tokha. Popeza mwangoika kumene, lembani U, konzani manambala, muyendetsenso CMONSE. Ndi njira yachidule kuposa kukonza takale. Musanayendetse, pangani layer yakeyake ndipo dzina lake mulilembe pa CENTERLAYER, apo ayi timitanda tonse tigwera pa layer imene muli panthawiyo.

Thoko:
Za base plate zija, achimwene dinani bowo limodzi muone zimene Properties ikunena pamwamba. Ndikukayika ngati ikunena Circle. Mwina ndi Block Reference kapena Array.

Chikondi:
Achemwali mwalasa. Ikuti Block Reference, puleti yonse ndi block imodzi ndipo yabwerezedwa pa column iliyonse.

Thoko:
Ndiye mwapepukidwa. LISP ija siona za m'kati mwa block, koma simukufunika kuchita explode. Lowani mu BEDIT, mokonzera block, ikani timitanda pa mabowo a puleti imodziyo, sungani, ndipo ma base plate onse asintha okha. Explode ingakuonongereni ntchito yabwino imene munthu anaikonza kale. Array yolumikizana nayonso imabisa ma circle mofananamo. Imeneyo mukafuna LISP iwaone, muyenera kuiphwasula kaye, kapena pojambula muzichita array bowo limodzi ndi kamtanda kake.

Chinanso choti muone ngati mbali ina ya drawing inachokera ku PDF kapena ku pulogalamu ina: zina zooneka ngati circle zimakhala polyline kapena spline, ndipo LISP izidumpha mwakachetechete. QSELECT ikuuzani kuti ma circle enieni alipo angati. Nambalayo ifanane ndi mabowo a pa bolt list.

Gift:
Ine ndayesa pa drawing yanga, pena paikidwa timitanda tiwiri pamalo amodzi. Ndaona chifukwa mzere ukuoneka wonenepa.

Bambo Nkhoma:
Pamenepo pali ma circle awiri a pakati pamodzi. Mwina munajambula bowo ndi washa yake, mwina ndi circle yokopedwa pamwamba pa inzake. Zokopedwazo OVERKILL imachotsa, yendetsani musanaike timitanda. Za washa, kapena ma column a paipi amene simukufuna alandire, sinthani mzere wa ssget ukhale motere:

(ssget '((0 . "CIRCLE") (-4 . "<=") (40 . 11.5)))

Nambala 40 ija imaimira radius, osati diameter. Bowo la 22, la bawuti ya M20, radius yake ndi 11, la 18 la M16 ndi 9, ndiye onse alowa ndipo zazikulu kuposa pamenepo zitsala. Ndaika 11.5 osati 11 chifukwa circle yochokera kwina imatha kukhala 11.0001 n'kukanidwa. Koma mawasha ang'onoang'ono monga a M10 akhoza kulowabe, ndiye ngati zilipo zimitsani layer yake kaye.

Mayi Tembo:
Ine ndili mbali ya wekishopu, ndiye ndiloleni ndilowepo. Papepala timitanda timenewo timawafuna kwambiri, makamaka mapuleti oboola pa dirilo, chifukwa mnyamata wojambula pachitsulo amayeza kuchokera pakati pa bowo, osati m'mphepete. Koma a Chikondi, ngati mapuletiwa akukadulidwa pa plasma, makina odula chitsulo ndi moto, chonde fayilo ya DXF yopita kumakina isakhale ndi kamtanda ngakhale kamodzi. Pulogalamu ya makina sidziwa kuti uwu ndi mzere wongosonyeza, imangoona mzere. Moto umadula bowo bwinobwino, kenako umabwerera n'kudutsa pamtanda, ndipo popeza mizere ija imatulukira kunja, bowo limatuluka ndi timing'alu tinayi m'mbali. Puleti ya mamilimita 20 ikatero, injiniya aliyense aikana, ndipo mtengo wa chitsulo masiku ano mukuudziwa. Woyendetsa makina wosamala amachotsa yekha, koma mabowo akachuluka kamodzi kamatha kumupulumuka.

Musadalirenso kungozimitsa layer n'kuchita Save As. Zimene zili pa layer yozimitsidwa zimalowabe mu DXF. Chitani freeze layer ya timitanda ndi ya ma dimension, lembani WBLOCK, sankhani mizere yodula yokha ipite mu fayilo yatsopano, imeneyo ndiyo musunge ngati DXF. Itseguleni muione musanatumize.

Chikondi:
Mayi mwandipulumutsa, akadula pa plasma ndithu ndipo ndimati nditumize fayilo yomweyi. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake bambo Nkhoma anati layer ikhale yakeyake.

Yamikani:
Funso langa ndi la LT. Ku ofesi kwathu tili ndi AutoCAD LT, mtundu wochepetsedwa wa AutoCAD, ndipo APPLOAD ikuti unknown command.

Thoko:
Ndi ya chaka chanji? LT inayamba kulola AutoLISP pa 2024. Ngati yanu ndi yakale kuposa pamenepo LISP iiwaleni. CENTERMARK yokha mukhala nayo ngati ndi ya 2017 kupita kutsogolo. Njira yanu ndi kupanga bowo limodzi ndi kamtanda kake kukhala block, la 18 lake, la 22 lake, n'kumaika block m'malo mojambula circle. Ine ngakhale ndili ndi AutoCAD yonse ndimatero, chifukwa kuwerenga mabowo kumaphwekanso.

Gift:
Nanga pa flange, puleti yozungulira ija yolumikizira mapaipi? Timitanda tonse tikuima chilili, pomwe mabowo azungulira.

Bambo Nkhoma:
Pa flange musagwiritse ntchito LISP imeneyi kupatula pa bowo lalikulu la pakati. Mabowo a mabawuti amakhala pa PCD, circle imene mabowowo amandandalikidwapo, ndiye jambulani circle ya PCD ndi linetype ya center kuti idutse pakati pa mabowo onse, kenako pa bowo limodzi ikani kamzere kafupi koloza pakati pa flange. Chitani ARRAYPOLAR bowo ndi kamzereko pamodzi, Rotate items ikhale Yes. Wopanga akaona amadziwa kuti ayambe ndi kampasi, osati sikweya.

Chikondi:
Zatheka akuluakulu. CENTEREXE ndaika 12, CENTERCROSSSIZE 5, zonse zili pa layer yake, base plate ndakonzera mu BEDIT. QSELECT inandionetsa mabowo ena a pa gusset imodzi amene anali ma polyline, ndawajambulanso ndi CIRCLE n'kuyendetsa CMONSE pa iwo okha. PDF yapita kwa injiniya. DXF ya plasma ndaitulutsa ndi WBLOCK monga ananenera mayi Tembo, ndaitsegula, muli mapuleti ndi mabowo basi.

Bambo Nkhoma:
Manambala amenewo amasungidwa mu drawing, osati mu kompyuta, ndiye pa ntchito ina mudzapezanso 0.12. Ikani mu template yanu ya .dwt pamodzi ndi layer ija. LISP muiike mu Startup Suite ya mu APPLOAD, ndipo foda yake muiwonjezere pa Trusted Locations mu Options kuti chenjezo lija lisamabwerenso.