Gemu ya bawo ikuuma pa mafoni a anthu, pa yanga ayi

Wa bawo, Lilongwe:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndapanga gemu ya bawo ndi Godot, pulogalamu yopangira magemu, panopa ili pa closed testing ya Google Play, ija amati upeze anthu 12 aiyese masiku 14 asanakulole kuitulutsa. Ena mwa iwo akuti gemu ili mkati imangouma, njere osayendanso, mpaka foni kufunsa ngati aitseke. Ine ndimaisewera tsiku ndi tsiku koma sindinazionepo. Ndiyambire pati?

Achemwali a ku Zomba:
Mukuyesera pa foni yanji achimwene? Ngati yanu ndi yamphamvu, kabwerekeni itel kapena Tecno ya RAM ya 2GB. Lowaninso mu Play Console, tsamba la Google la opanga mapulogalamu, pa Android vitals muone ma ANR, malipoti oti pulogalamu yasiya kuyankha. Android imadandaula choncho pulogalamu ikatha masekondi 5 osayankha munthu akadina.

Wa bawo, Lilongwe:
Ma ANR alipodi achemwali, onse akuloza pamene njere zikuyenda. Koma mmodzi mwa odandaulawo ali ndi Samsung yoposa yanga.

Mkulu wa ku Limbe:
Ndiye foni ilibe mlandu. Inuyo bawo mumaidziwa, eti? Vuto lagona pamenepo. Munthu wodziwa amawerengeratu asanatole njere, manja ake amangopita njira zanzeru zokhazokha. Anzanuwo ena akungodina paliponse, ndipo akufikitsa bolodi pamalo pamene katswiri sangafikepo. Mabowo ndi 32, njere 64, kakhalidwe kake n'kochuluka moti munthu mmodzi sangakumane nako konse.

Tsono bawo ili ndi khalidwe limodzi loipa kwa ife a code. Njere yomaliza ikagwera m'bowo muli zina, umatola n'kupitiriza. Ofufuza za masewerawa anaonetsa kale kuti pali kakhalidwe kena ka njere komwe ulendowu sutha, umangozungulira mpaka kalekale. Pa bolodi ya mtengo anthu amatopa n'kugwirizana zochita. Kompyuta satopa. Ngati mwalemba while loop, code yobwereza-bwereza mpaka chinachake chichitike, yodikira bowo lopanda kanthu, ndi imeneyo ikuumitsa gemu.

Wa bawo, Lilongwe:
Ndi while loop ndithu bwana. Koma ndingatsimikize bwanji poti ineyo sizikundichitikira?

Mkulu wa ku Limbe:
Lekani kusewera nokha. Lembani ka script, kapulogalamu kakang'ono, koti kompyuta izisewera mbali zonse ziwiri mwachisawawa, popanda zithunzi, magemu masauzande usiku wonse. Gemu iliyonse muzisunga seed yake, nambala yothandiza kubwereza chisawawa chomwecho, ndi mndandanda wa mabowo amene yasankha. Ikani chowerengera mu loop, chikapitirira malire chiime n'kulemba mmene bolodi ilili. M'mawa mudzapeza umboni uli pa tebulo.

Woyesa magemu, Johannesburg:
Ndikugwirizana nawo akuluwa, koma script ikupezerani kuuma kokha. Siingakuuzeni kuti munthu sakumvetsa pofunika kudina. Ntchito yanga ndi yoyesa magemu a anthu ena, ndipo wopanga aliyense amabwera akulumbira kuti waisewera mpaka kutopa nayo. Amanena zoona, kungoti amaisewera mmene anaipangira. A kampani ya Valve popanga gemu ya Half-Life, imene inatuluka mu 1998, ankaitana anthu akunja kuti asewere, eni ake n'kukhala kumbuyo ndi cholembera, osaloledwa kuthandiza ngakhale munthu asokonekere bwanji. Chovuta n'kutseka pakamwako. Mnzako akamalimbana ndi batani lolakwika, mtima umafuna kulumpha.

A Nintendo mu Super Mario Maker anaika lamulo loti sungatumize level imene iwe mwini sunaimalize. N'labwino, koma limangotsimikiza kuti mwini wake angathe. Ndipo ndalama si mankhwala: gemu ya ndalama zambiri ya Cyberpunk 2077 inatuluka mu Disembala 2020 ikuvuta kwambiri pa PlayStation 4, mpaka Sony inaichotsa m'sitolo yake, n'kudzaibweza mu Juni 2021.

Achemwali a ku Zomba:
Apatseninso foniyo madala amene amasewera bawo pansi pa mtengo kumsika. Malamulo amasiyanako malo ndi malo, akakuuzani okha pamene mwaphonya, ndipo sakunyengererani.

Wa bawo, Lilongwe:
Ndabwerera. Script yaigwira, a ku Limbe munalasa. Ndayala njere mmene yalembera, ndadina bowo lomwelo, foni yanga nayo yauma. Funso tsopano: loop ikapezeka, gemu itani?

Mkulu wa ku Limbe:
Osangodalira chowerengera, ulendo wina umatalika koma n'kutha bwinobwino. Muzisunga mmene bolodi ilili komanso bowo limene muli nthawi iliyonse mukatola njere. Zikabwerezeka ndendende, ndiye kuti sizidzatha. Muwerengeretu zimenezi njere zisanayambe kuyenda pa sikirini, bowo loterolo gemu ilikane n'kumuuza munthu chifukwa chake. Mukakonza, seed ija muisunge, muziiyesanso musanatumize build iliyonse, ndiye kuti gemu yokonzedwa mwatsopano.

Wa bawo, Lilongwe:
Zamveka bwana. Achemwali, muli ndi itel yoti n'kubwereka Loweruka? Ndikufuna madala aja ayambire pa imeneyo.