Kodi ku Koyasan n'kupitika mu Januwale?

Nachisale_Osaka:
Abale amene muli kuno ku Japan, ndithandizeni maganizo. Mnzanga wa m'kalasi akuti tipite ku Koyasan, tauni ya akachisi a Abuda ya pamwamba pa phiri, kumayambiriro kwa Januwale, tikagone usiku umodzi m'kachisi wa Abuda. Mtima ukufuna ndithu, koma kuzizira kwa kuno ku Osaka kukundisautsa kale, nanga kuphiriko ndikapirira? Komanso ine ndine Mkhristu, ndipo ndamva kuti alendo amadzuka m'mamawa kukakhala nawo pa mapemphero. Kodi amakakamiza?

Mbewe_waKobe:
Achemwali, pitani. Ine ndinapita nthawi ngati yomweyi. Mukwere sitima ya Nankai pa siteshoni ya Namba ku Osaka mpaka ku Gokurakubashi, apo pali kasitima kokokedwa ndi chingwe kamene kamakwera phirilo mphindi 5 zokha, kenako mukwere basi yokalowa m'tauni. Tauniyo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 800, ndiye mukatsika mudzamva mphepo ikulasa m'makutu.

Kuzizira kwenikweni kuli m'kati mwa kachisi. Nyumba zake ndi zamatabwa, nsapato mumasiya pakhomo, ndipo m'makonde mapazi amachita dzanzi ngakhale wavala masilipasi. M'chipinda chathu munali hita ya parafini ndi kathebulo kofunda kaja amati kotatsu, tinalowetsa miyendo pansi pake osafunanso kudzuka. Tengani masokosi okhuthala mapeyala awiri, ndipo mugule tikairo tija totenthetsa manja. Chakudya chilibe nyama kapena nsomba, koma tofu wa chitowe amene anatipatsa madzulo mpaka lero ndimamukumbukira.

MayiPhiri_Nagoya:
Mwana wanga, za mapemphero usade nkhawa. Kumene ndinagona ine anangotiuza nthawi, 6 koloko, wofuna abwere. Ndinakhala kumbuyo phee, osagwada, osafukiza lubani, ndipo palibe anandiyang'ana moipa. Iwe ndi mlendo pakhomo pa eni, umangopereka ulemu monga umachitira pa maliro a mpingo wina.

Chimene ndikukupempha n'chakuti usabwerere osafika ku Okunoin. Ndi manda aakulu, miyala ya pamanda yoposa 200,000, njira yake ya makilomita awiri kuchokera pa mlatho wa Ichinohashi, pansi pa mikungudza italiitali. Ndinayenda kukucha, chipale chofewa chitakuta miyala yonse, kuli zii, kumangomveka nsapato zanga. Timafano ta Jizo, amene Abuda amati ndi mtetezi wa ana ndi apaulendo, anativeka tinsalu tofiira pachifuwa, tina tili ndi tizipewa toluka, ndipo kufiira kwake pakati pa mbee ameneyo kunandigwira mtima.

Kumapeto kuli manda a Kukai, mmonke amene anayambitsa Koyasan mu 816. Otsatira ake sanena kuti anamwalira, amati mu 835 analowa m'kusinkhasinkha ndipo akadali momwemo. N'chifukwa chake amonke amamupititsira chakudya kawiri pa tsiku, 6 koloko ndi 10:30 m'mawa. Ine ndinaona cha 10:30. Awiri ananyamula bokosi lathabwa pa mtengo wopingasa, wina ali patsogolo, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, akuyenda mosathamanga. Chikhulupiriro chawo si changa, koma kukhulupirika koteroko kwa zaka zoposa 1,000 sindingakupeputse. Ukaoloka mlatho wa Gobyobashi, wolowera ku manda a Kukai, foni ilowe m'thumba, zithunzi n'zoletsedwa.

Ukaonenso Nyonindo, nyumba yopemphereramo akazi imene ili polowera ku Koyasan. Mpaka 1872 akazi sankaloledwa kulowa mu Koyasan, ankathera pamenepo. Ndinaimapo kanthawi.

Chimtengo88:
Ine ndingoonjezera za nsapato. Masitepe amiyala amaterera kwambiri chipale chikauma usiku, mkazi wanga anagwa n'kubinya dzanja pafupi ndi nsanja yofiira ija ya Konpon Daito. Valani za mapazi okhakhala. Ndipo cha m'ma 5 koloko kumakhala kutada, choncho nyamukani ku Osaka m'mawa.

Nachisale_Osaka:
Zikomo kwambiri nonse. Amayi, mwandimasula. Ndamuuza mnzanga asungitse malo, mawa ndikagula nsapato.