Mfuti imodzi yophunzirira ndi yosakira nswala: 7.62x39 kapena .223?

Phiri, Chiredzi
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanapereke oda. Pafamu ya nyama zakutchire imene ndimayang'anira kuno ku Zimbabwe, abwana alola kugula mfuti imodzi yoti anyamata anayi aziphunzirira kulasa chandamale. Yomweyo izigwiranso ntchito yochepetsa nswala ndi njiri za ndiwo ya antchito. Kusitolo kuli ziwiri za bolt, zija zokoka chotsekera ndi dzanja pa chipolopolo chilichonse: CZ 527 ya zipolopolo za 7.62x39 ndi Howa ya zipolopolo za .223 Remington. Thengo lathu ndi la tsanya, nyama imaonekera pa mamita 60 mpaka 120. Abwana akufunsanso ngati mfutiyo ingagwetse ngoma.

Banda, Bulawayo
A Phiri, za ngomazo awuzeni abwana aiwale, lamulo likukana kale. Malamulo a zanyama kuno anagawa nyama m'magulu anayi. Njovu, njati ndi mvuu zimafuna chipolopolo cha 9.2 mm ndi mphamvu ya 5,300 joule potuluka mumpope. Mkango ndi ntchefu, 7 mm ndi 4,300. Gulu la ngoma, mbidzi, nyumbu ndi mphalapala limafuna 7 mm ndi 3,000. Nswala, mbawala, mphoyo, njiri ndi nguluwe zili m'gulu lomaliza: 5.6 mm ndi 850.

Tsono 7.62x39 ya mutu wa 123 grain, womwe ndi magalamu 8, imatuluka pa liwiro la mamita 715 pa sekondi kapena cha pompo, mphamvu yake ingopitirira pang'ono 2,000. Kukula kwa mutu kwakwana, mphamvu yapelewera ndi 1,000 yathunthu. Ya .223 ya 55 grain imafika cha m'ma 1,700, ndiponso ndi yopyapyala kwa ngoma. Zonse ziwiri ndi zololedwa pa nswala ndi njiri basi. Ngoma yamphongo imapitirira makilogalamu 200, imafuna .308 Winchester, imene ndi mutu wa 150 grain imapereka cha m'ma 3,600.

Mbewe, Mfuwe
Pa thengo ngati limenelo ine ndikuti 7.62x39. Mutu wake ndi wolemera kuwirikiza kawiri wa .223, ndiye ukagunda fupa la phewa la njiri umapitirira, ndipo kawirikawiri umatulukira mbali inayo. Bala lotulukira ndi limene limadontha magazi oti mulondole. Njiri yovulala imathamangira kuuna, ikalowa ndi yotayika kapena mukumba mpaka dzuwa kulowa.

Koma malire ake muwadziwe. Chipolopolo ichi chinapangidwa ku Soviet Union m'chaka cha 1943 kuti msilikali azinyamula zambiri ndi kuwombera pafupi, sichinapangidwire mtunda. Mukakonza sikopu, galasi loyang'anira la pamfuti, kuti ilase pakatikati pa mamita 100, pa 200 chimatsika pafupifupi masentimita 20, pa 300 chatsika kupitirira 60. Njira yabwino ndi kukonza kuti pa mamita 100 chizilasa masentimita 5 pamwamba pa chandamale. Mukatero cha pa 150 chimabwerera pakati, pa 200 chatsika ndi 10 okha. Mnyamata sakufunikanso kuwerengera, angoloza pakati pa chifuwa.

Ngakhale zili choncho, ikani lamulo la pafamu kuti kupitirira mamita 150 sawombera nyama. Chifukwa chachikulu si kutsika ayi, ndi liwiro. Mitu yambiri ya soft point, ya nsonga yofewa yotseguka ikalowa m'nyama, imafuna mamita 550 pa sekondi kapena kupitirira kuti itseguke bwino, ndipo 7.62x39 ikamafika pa mamita 200 yatsikira kale pamenepo. Imangoboola kabowo, nswala nkuthawa nayo. Mphepo ya m'mbali ya makilomita 16 pa ola imachikankhanso masentimita 15 kapena kuposa pa mtunda umenewo.

Tembo, Musina
Achimwene a Mbewe, musaitaye .223 chonchi. Kuno ku South Africa ochepetsa nyama ambiri amagwiritsa imeneyi. Imayenda mowongoka: mukakonza pa mamita 100, pa 200 yatsika masentimita osakwana 10. Siigunda kwambiri phewa la wowombera, ndiye wophunzira satsinzina pokoka. Zipolopolo zake zabwino zimapezekanso mosavuta.

Imene imaipitsa mbiri ya .223 ndi mitu yolakwika. Mitu yowombera nkhandwe ndi tinyama tating'ono, monga V-Max, inapangidwa kuti iphulike ikangogunda. Pa phewa la nswala imang'amba khungu bala lalikulu koma osafika kumapapo. Yofunika ndi yolimba: Nosler Partition ya 60 grain, Federal Fusion ya 62, kapena yamkuwa okhaokha ngati Barnes TSX. Musanagule onani kupota kwa mizere ya mumpope. Wa 1:12, kutanthauza kuzungulira kamodzi pa mainchi 12, umakhazikitsa bwino mitu mpaka ya 55 grain. Yolemera kapena yaitali kuposa pamenepo imafuna 1:9 kapena 1:8, apo ayi imafika pa pepala chammbali, bowo lake nkukhala lotalika m'malo mozungulira.

Mbewe, Mfuwe
Zoona a Tembo, koma amene mukuwatchulawo ndi akatswiri olasa kumutu, mfuti itatsamira pa galimoto. A Phiri ali ndi anyamata ophunzira, mfuti itatsamira pa ndodo, m'tsanya. Ubongo wa nswala ndi waung'ono ndipo mutu suima malo amodzi. Akaphonya ndi zala ziwiri athyola chibwano, nyama ikafa ndi njala patapita masiku. Zimenezo siziyenera kuchitika pafamu iliyonse. Wophunzira alase pachifuwa: akweze maso motsata mwendo wakutsogolo, aime pa gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera pansi pa chifuwa. Pamenepo mutu wolemera umakhululuka zolakwa zambiri kuposa wopepuka.

Mayi Nkhoma, Lusaka
Ine ndilankhule za zipolopolo, chifukwa ogula 7.62x39 amakopeka ndi kutchipa kwa zankhondo zakale, ndipo mavuto onse amachokera komweko.

Zotchipazo ndi FMJ, mutu wokutidwa paliponse. Sizitseguka. Pa pepala zili bwino, pa nyama ayi, ngakhale kamodzi. Zosakira gulani soft point ya Sellier & Bellot kapena Prvi Partizan, kapena Hornady SST, zonse za 123 kapena 124 grain. Muzisunge m'bokosi la mtundu wina kuti mnyamata asasakanize m'mamawa kuli mdima.

Zambiri zakalezo zili ndi praima ya mchere, praima ndi kabatani ka kumbuyo kwa chipolopolo koyatsa wonga. Ikaphulika imasiya mchere mumpope, mcherewo umakoka chinyezi, ndipo nyengo yadzinja dzimbiri limayamba usiku umodzi wokha. Mafuta a mfuti sasungunula mchere, amangouphimba. Tsiku lomwelo chotsani bolt, lozetsani mfuti pansi, thirani madzi otentha theka la lita kuchokera kumbuyo kwa mpope kuti atulukire kutsogolo. Pitirizani nsanza zouma mpaka yomaliza ituluke yoyera, kenaka burashi ndi mankhwala otsukira, pomaliza kansanza ka mafuta pang'ono. Nkhope ya bolt ndi kabowo ka firing pin, kamsomali komenya praima, mupukutenso ndi nsanza yonyowa, ndi pamene anthu amaiwala. Bokosi limene silinalembe kuti praima yake ilibe mchere, litengeni kuti ili nawo.

Praima yankhondo ndi yolimbanso, inapangidwira mfuti za asilikali za AK ndi SKS zimene zimamenya mwamphamvu. Mfuti zina za bolt zimangoifinya pang'ono osaphulitsa. Zikatero mnyamata asatsegule msanga. Mfuti ikhale chilozere kuchandamale masekondi 30, chifukwa china chimachedwa kuyaka. Akachitulutsa onani kadzenje pa praima. Kakakhala kosaya, vuto ndi sipuling'i yofooka kapena girisi wouma mkati mwa bolt. Masulani, tsukani, mukaona sizikusintha pitani kwa wokonza mfuti.

Phiri, Chiredzi
Zikomo mayi. Nanga zipolopolo zotchipa zopangidwa ndi chitsulo zimawononga mpope? Ndipo malo athu ophunzirira ali ndi mbale ziwiri zachitsulo, tingaziwombere ndi zotchipazo?

Mayi Nkhoma, Lusaka
Chikhokhombe, kachitini kosunga wonga, chikakhala chachitsulo si vuto lalikulu, kungoti sichifufuma bwino ngati cha brass, ndiye mwaye umabwerera m'chipinda cha chipolopolo. Mwaye ukachuluka chikhokhombe chimakanirira potulutsa. Burashi ya chipinda ikhale m'thumba. Mutu wokutidwa ndi chitsulo chofewa umadya mpope msanga pang'ono kuposa wamkuwa, koma pa mfuti ya bolt imene siitentha kwambiri zimatenga zipolopolo masauzande kuti muone kusiyana.

Pa mbalezo samalani. Tengani maginito muyandikize kumutu kwa chipolopolo. Akagwira, muli chitsulo, kaya m'chikuto kaya pakati. Zotere zimakumba mbale timaenje, ndipo mbale ya maenje imabweza zidutswa kwa wowombera. Zimathethekanso moto zikagunda chitsulo kapena mwala, ndipo mu September ndi October udzu wouma sufuna zambiri. Ziwombereni pa pepala, kumbuyo kuli mulu wa dothi wopanda miyala. Mbale ikhale yachitsulo cholimba cha AR500, yopendekera pansi, pa mamita 100 kapena kupitirira.

Banda, Bulawayo
Ndiwonjezere ziwiri. Ngati mudzafune kudzaza nokha zipolopolo, mutu wa 7.62x39 ndi .310 kapena .311 ya inchi, pomwe wa .308 Winchester ndi .308. Maina akufanana koma mitu ndi yosiyana, ndipo wa .308 mumpope wa CZ nthawi zambiri sulasa bwino. Zikhokhombe zankhondo ndi za Berdan, mukasuzumira mkati muona timabowo tiwiri, sizidzazika ndi zida wamba. Za Boxer zili ndi bowo limodzi pakati, zimenezo sungani.

Mukasankha .223, musaikemo zipolopolo zankhondo za 5.56 NATO pokhapokha mpope utalembedwa 5.56. Zimalowa bwinobwino, koma khosi la chipinda cha .223 ndi lalifupi, mphamvu ya mkati imakwera, praima imatha kufwamphuka.

Musanalipire kalikonse, funsani apolisi oona ziphaso za mfuti kuti chiphaso cha 7.62x39 chituluka m'dzina la famu. Funsaninso wasitolo kuti soft point amakhala nazo chaka chonse, osati bokosi limodzi lokha limene lili pa shelefu lero.

Tembo, Musina
Pa thengo la mamita 120 ndi njiri ndavomera, tengani CZ. Koma musawotche ndalama pophunzitsa zoyambirira. Kagwiridwe, kapumidwe ndi kakokedwe aphunzire ndi mfuti yopanda chipolopolo, mutatsimikiza kawiri kuti ndi yopandadi, kenaka ndi mfuti yaing'ono ya .22 LR ngati pafamu ilipo. Za 7.62x39 zikwana 20 pa munthu pa tsiku lophunzira. Awombere zisanu, mpope uzizire, makamaka wa CZ 527 umene ndi wopyapyala, ukatentha zipolopolo zimayamba kumwazika.

Zophunzirira ndi zosakira sizilasa malo amodzi, kusiyana kwa masentimita 5 mpaka 8 pa mamita 100 si kwachilendo. Sikopu muikonzere soft point, ndipo isakhudzidwenso. Pophunzira ndi zotchipa, yang'anani kuyandikana kwa mabowo, osati kulasa pakati. Mukafuna kusuntha, onani cholembedwa pa chotembenuzira: ena kudina kumodzi ndi sentimita imodzi pa mamita 100, ena olembedwa kota MOA, womwe ndi muyeso wa ngodya, ndi pafupifupi mamilimita 7.

Mbewe, Mfuwe
Mayeso ake akhale awa: mbale ya pepala ya masentimita 15, mamita 100, ataimirira pa ndodo zitatu, ndi soft point zomwe akasakire. Zisanu zonse zilowe, masiku awiri osiyana. Amene zalowa zinayi abwerere akaphunzirenso. Akalasa nyama nkuthawa, aike chizindikiro pamene inaima, adikire mphindi 15, ndiyeno ayambe kulondola.

Phiri, Chiredzi
Zamveka, akuluakulu. Ndilemba CZ 527, sikopu ya 2-7x33, soft point mabokosi asanu a nambala imodzi ya fakitale kuti zilase mofanana, ndi zophunzirira zopanda mchere. Mawa ndiyamba kwa apolisi. Mayi Nkhoma, burashi ya mumpope ndigule ya .30 kapena ilipo yakeyake?

Mayi Nkhoma, Lusaka
Ya .30 imagwira, koma ikatha pang'ono imakhwepa. Mukapeza ya .303 British tengani imeneyo, mpope wake ndi .311 ngati wanuwo.